Ndinkangoti ndi thukuta la pa kabaza

Ine ndimapalasa kabaza pa boma pano, nde mukukudziwa nokha kutentha kwa Mangochi mu October, munthu umakhala chinyowere thukuta kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kuyabwa kwa mphechepeche kwa ife si nkhani, khungu limafiira malo aakulu ndithu, pena kusupuka chifukwa cha chishalo, ukasamba bwino nkusintha kabudula wamkati masiku atatu zatha. Ukameta ndi lezala timatulukanso tiziphuphu, kalikonse pakepake pomwe pamera tsitsi.

Zanga zinabwera mosiyana koma sindinafune kuvomera. Panayamba kunyerenyetsa ndi kuotcha pamalo amodzi, pakhungu pasakuoneka kanthu. Mawa lake timatuza tating'ono tamadzi, tounjikana ngati mazira a nsomba, titaphulika panatsala tizilonda tosazama koma kupweteka kwake abale, mkodzo ukangokhudzapo ndimachita kuluma mano. Thupi kuphwanya ngati malungo, mwanabele naye watupa. Ndinkangomwa panado nkumapaka Vaseline. Nditamunong'oneza mnzanga pa siteji akuti ndi likodzo poti timasamba ku Shire, mawa lake wasintha akuti mabomu. Patatha masabata ngati atatu zinauma zokha, ine basi ndachira.

Miyezi itatu yokha zabwereranso, malo omwe aja, kuyambanso ndi kunyerenyetsa komwe kuja. Apa mtima unagunda chifukwa thukuta silisankha kamalo kamodzi choncho, komanso mayi akunyumba anali oyembekezera.

Ndinalawira ku chipatala cha boma ndi kabuku kanga, matuza adakali ndi madzi. Pamzere ndinkakonza bodza loti ndinene mutu, koma nditalowa ndinangoti adokotala ndili ndi zilonda kumaliseche, mawu akunjenjemera. Iwo sanadabwe nkomwe. Anafunsa kuti zinayamba liti, zimapweteka kapena ayi, zinabwerapo kale, kenako anavala magolovesi nkuona. Anati ndachita bwino kubwera zisanaume chifukwa zikapola palibe chomwe angaone, ndipo ngakhale komwe amayeza ku labu amatenga timadzi ta pachilonda chachiwisi ndi kathonje. Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, timadikira zichepe kaye kuti tisachite manyazi, nde ukafika dokotala angokumvera pakamwa.

Anandimasulira kuti chilonda cha chindoko nthawi zambiri chimakhala chimodzi, cholimba m'mbali, chosapweteka, nchifukwa chake anthu amachinyalanyaza mpaka matenda kulowerera. Zanga zinali zambiri, zopweteka, zobwerabwera, anati zikufanana ndi herpes. Ine dzinali ndinkalisokoneza ndi mashingozi, eti ndi tizilombo tapachibale koma matenda ake ndi osiyana.

Ananditumiza kokabaya chala, kuyeza HIV ndi chindoko, zotsatira sizinathe ndi mphindi 20 zomwe. Zonse zinatuluka bwino. Anati kuyezaku nkofunika chifukwa zilondazi zimatsegulira HIV njira, munthu wa herpes ya kumaliseche atha kutenga HIV mosavuta pafupifupi katatu kuposa yemwe alibe. Jakisoni wa chindoko wa pathako anandibayabe, poti chilonda cha kumaliseche sachitengera mwayi, nkundipatsa mapiritsi a acyclovir.

Chomwe chinandiwawa ndi pomwe anati mankhwalawa sapha kachilomboka, kamakabisala m'mitsempha moyo wonse, mapiritsi amangothandiza kuti zilonda zipole msanga, makamaka ukayamba kumwa pongomva kunyerenyetsa kuja. Ndinakhala chete kanthawi. Iwo anati bambo, musadzione ngati mwatha, anthu ambiri ali nako osadziwa, ena sanatulukepo ndi chilonda chomwe, ndipo kwa ambiri zimanka zichepa zaka zikamapita. Zikatuluka osagonana mpaka zitapoleratu, kondomu imachepetsa chiopsezo koma siphimba khungu lonse, ndipo kupatsirana kumatheka ngakhale palibe chilonda.

Kenako kapepala koti ndikapereke kwa akazi anga nawonso abwere. Kanakhala m'thumba la buluku masiku awiri, ndikakagwira thukuta lokhalokha. Ndinkaopa funso loti mwazitenga kuti, koma adokotala anali atandiuza kale kuti kachilomboka katha kukhala zaka phee, palibe angaloze chala kuti wabweretsa ndi uje. Chinandikakamiza ndi mwana, chifukwa mayi akatenga koyamba mimba itakula, kapena akakhala ndi zilonda nthawi yobereka, khanda litha kudwala kwambiri.

Ndinawauza usiku ana atagona. Analira, sanandiyankhule mpaka kunacha. M'mawa ndinangoona avala chitenje chatsopano, kabuku ka sikelo kali m'manja, akuti tiyeni mundikweze panjinga yanuyo, ndipo kwa anesi mukalowa nawo mukafotokoze nokha.