Zimene Ndaphunzira pa Kumata Zithunzi pa Zovala Zakale

Kwa milungu ingapo tsopano ndakhala ndikuphunzira kumata zithunzi ndi mawu pa zovala pogwiritsa ntchito simbi. Chimene chinandiyambitsa ndi mulu wa matisheti a pakaunjika amene anathimbirira pachifuwa, pamene nsalu yake ikadali yolimba, ndipo zinkandiwawa kuwasandutsa zisanza zokolopera.

Chovala choyamba ndinachiwononga ndekha. Pepala lomatira pa nsalu yowala limaikidwa chafufumimba, choncho mawu ayenera kusindikizidwa motembenuka, monga mmene amaonekera pagalasi. Ine ndinawasindikiza molunjika, ndipo nditamatula pepalalo ndinapeza dzina la mwana wa mchemwali wanga likuwerengeka kuchokera kumanja kupita kumanzere. Pepala la nsalu yakuda ndi losiyana, chifukwa chithunzi chimasendedwa n'kuikidwa chagada osachitembenuza, kenako pamwamba pake pamayalidwa pepala lina lochiteteza kuti chisamatirire kusimbi.

Chimene chanditengera nthawi yaitali ndi kutentha. Kale sindinkalabadira timadontho timene timajambulidwa m'kachizindikiro ka simbi pa kansalu ka m'khosi mwa chovala, koma tsopano ndikudziwa kuti dontho limodzi limatanthauza madigiri pafupifupi 110, awiri pafupifupi 150, ndipo atatu pafupifupi 200. Nsalu ya thonje imapirira madontho atatu, pamene ya poliyesita imayamba kunyezimira ndi kukwinyika isanafike pamenepo. Nthunzi iyenera kuzimitsidwa, pakuti chinyezi chimalepheretsa guluu kugwira. Dzanja nalonso liyenera kuiwala chizolowezi chositira: simbi siiyendetsedwa uku ndi uku, koma imatsindikidwa ndi manja onse awiri pa thebulo lolimba, gawo limodzi kenako lina, makamaka m'makona momwe chithunzi chimayambira kumatuka.

Tsiku lina magetsi atazima ndinayesa simbi ya makala. Kulemera kwake kunandithandiza kwambiri, koma kutentha kunkatsika ine osazindikira, moti nditachapa chovalacho kachiwiri m'mphepete mwa chithunzi munayamba kutukuka. Sindinaisiye simbiyo, poti ndi imene ambiri aife tili nayo, koma tsopano ndimayamba ndayesa pa kachigamba ka nsalu yomweyo.

Tisheti yachitatu ndinaisiya maola 24 ndisanaichape, ndipo ndimaichapa ndi madzi ozizira nditaitembenuza, osaitikita pamwala. Ndaichapa kale kasanu, ndipo duwa lofiira limene linaphimba banga la mafuta likadali pamalo pake.