Pampu yomwe inkagwira ntchito usiku wokha

Galimoto yanga ndi Toyota Hilux ya 2008, ya injini ya dizilo ya malita 2.5 yomwe amaitcha D-4D, ndipo inali isanandichititsepo manyazi kufikira tsiku lomwe ine mwini wake ndinaganiza zoiwonjezera nzeru. Gwero la zonse linali kusowa kwa mafuta kwa kumapeto kwa 2022, pamene tinkagona pamizere ya malo omwetsera mafuta, ndipo mzere ukatikanika tinkagula dizilo wa m'zigubu kwa mavenda, popanda wofunsa kuti dzulo lake m'chigubumo munali chiyani.

Makaniko wanga, bambo wachikulire wa kuno ku Salima, anandichenjeza kuti injini imeneyi si yofanana ndi injini ya 1HZ ya m'ma Land Cruiser akale, yomwe imameza zambiri osadandaula. Mu D-4D pampu imapanikiza dizilo ndi mphamvu yoposa ma bar 1,000, pomwe tayala la galimoto yomweyo timalipopa ma bar awiri ndi pang'ono, ndipo timabowo ta ma injector ake, tizipangizo tothira dizilo m'injini, ndi tating'ono kwambiri moti kachitsotso kosaoneka ndi maso kakhoza kuwawononga. Madzi ndiwo oopsa koposa, chifukwa dizilo yemweyo ndiye amafewetsa zitsulo za m'kati mwa pampu, ndipo madzi akalowa m'malo mwake zitsulozo zimakhulana n'kuchita dzimbiri. Malangizo awo anali achidule: ndigule fyuluta ya ma micron 30 (micron ndi muyeso wa kukula kwa timabowo ta fyuluta) yokhala ndi kambale koonekera kunsi kwake, tiiike pakati pa thanki ndi fyuluta yomwe inabwera ndi galimoto. Popeza madzi ndi olemera kuposa dizilo, amadikha m'kambalemo, ndipo munthu amangomasula kotsekera kapansi n'kuwataya.

Ndikanamvera, nkhani ino sikanakhalapo. Nditafika m'sitolo ina ya zipangizo za galimoto ku Lilongwe ndinapeza fyuluta ziwiri zili pamodzi, ina ya ma micron 30 ndi ina ya ma micron 2, ndipo nditamva kuti tsitsi la munthu ndi lokhuthala pafupifupi ma micron 70, mtima wanga unathamangira ya 2. Ndinaganiza ngati mayi wosefa ufa, kuti sefa ya timabowo tating'ono ndiyo imatulutsa ufa wosalala, ndipo ndinaiwala kuti mayi yemweyo amayamba wapeta m'lichero asanagwire sefa. Wogulitsa anandikumbutsa kuti Hilux imeneyi ilibe pampu m'thanki, koma pampu ya pa injini ndiyo imakoka yokha mafuta kuchokera kumbuyo, choncho fyuluta yothina chonchi iilemetsa ntchito. M'malo moti mawu amenewa andibweze, anandigulitsa chinthu chachiwiri, kapampu kamagetsi kothandizira kukankha dizilo.

Kwa makaniko sindinapite, poopa kulipira komanso poopa kufunsidwa kuti 30 wasanduka bwanji 2. Ndinamanga ndekha pakhomo nditaweruka kuntchito, kunja kutada, nditayatsa nyali za galimoto kuti ndiziona zomwe ndikuchita. Mapaipi ndinalumikiza bwino, ndipo pa mfundo imeneyi ndimadziyamikirabe. Kenaka ndinatenga kababu koyesera magetsi n'kuyamba kufufuza waya wamoto, ndipo woyamba yemwe anayatsa kababuko ndinamusenda n'kulumikizapo pampu yanga. Inalira mokoma ngati njuchi. Usiku womwewo ndinayesa galimoto pamsewu wa ku Senga Bay, ndipo inathamanga moti pobwera ndinadzutsa akunyumba kuti ndiwauze kuti anakwatiwa ndi injiniya.

Loweruka lake kunali chinkhoswe cha mlamu wanga ku Dedza, ndipo ntchito yanga inali yonyamula amalume a akunyumba, omwe anali nkhoswe yaikulu, pamodzi ndi msoti wa pamwambowo, mbuzi imodzi ndi matumba awiri a mpunga. Amalume anakhala kutsogolo atavala suti yawo yakuda. Kuchokera ku Salima, kudutsa Chipoka ndi Mtakataka mpaka ku Mua, msewu wa M5 ndi wosakwera kwenikweni, ndipo injini sinkafuna mafuta ambiri, motero ndinapeza mpata wowaphunzitsa amalume za ma micron, za tsitsi la munthu ndi za kulemera kwa madzi. Iwo ankangogwedeza mutu mwaulemu.

Titakhota pa Golomoti n'kuyamba kukwera phiri la Khwekhwerere kulowera ku Masasa, galimoto inatsokomola pa kona yachitatu, nyali ya injini inayaka pa dashibodi, mphamvu inatha, ndipo tinaima pamalo pomwe kumbuyo kunali phompho. Ndinatsegula boneti n'kudina kabatani kopopera mafuta ndi dzanja ka pamwamba pa fyuluta, koma kanalowa pansi n'kukana kubwerera, chomwe ndi chizindikiro choti pampu ikukoka koma njira ya mafuta yatsekeka kwinakwake. Ine ndinaweruza kuti m'mapaipi mwalowa mpweya, chifukwa mlandu wa mpweya sukanakhudza luso langa. Ndinkadikira kabataniko kadzuke, n'kupopa mpaka chala chachikulu chinatuluka chithuza, ndipo galimoto inkalira n'kuyenda mamita ngati 200, n'kuzimanso. Popeza handibuleki yanga inali yosadalirika, amalume anavula jekete n'kumatsatira pambuyo atanyamula mwala woti aziika kutayala nthawi iliyonse tikaima.

Pa ulendo wachisanu ndi chiwiri anaika mwala uja, anapukuta thukuta, ndipo anafika pazenera n'kundifunsa mofatsa kwambiri kuti, "Akamwini, pepani, kodi atsala ma micron angati kuti tifike pa Masasa?" Akunyumba anaphimba nkhope ndi chitenje, ndipo mapewa awo ankagwedezeka. Lamya ya amalume inkangolira, a kuchimuna akufunsa ngati a kuchikazi asintha maganizo.

Cha m'ma 3 koloko masana kunachita mdima wa mitambo, mvula inayamba, ndipo poopa kuti lole yotsika ingatiombe ndinayatsa nyali. Nthawi yomweyo pansi pa galimoto panamveka kulira kwa njuchi kuja, komwe tsiku lonse sindinazindikire kuti kulibe. Akunyumba anafunsa kuti, "Bambo, chikulira pansipa n'chiyani?" Ndinakhala chete nditagwira chiwongolero, chifukwa apa m'pamene ndinakumbukira kuti usiku womanga uja nyali zinali zoyaka, ndipo waya wamoto yemwe ndinamupeza mosavuta anali wa nyalizo. Kuyambira m'mawa pampu yanga inali itagona, ndipo pampu yogona pakati pa paipi imasanduka chotsekera, kuwonjezera pa fyuluta yomwe zinyalala za m'zigubu zinali zitayamba kale kuitseka. Ndinaliza injini, tinakwera phiri lonse osaimanso, ndipo tinafika anthu atadya kale, msoti uli wonyowa ngati sanza.

Lolemba makaniko anadula fyuluta ija ndi sowo n'kundionetsa pepala la m'kati litada bii ndi matope onanda. Anaika ya ma micron 30 pamalo pomwe ananena poyamba paja, ndipo anafotokoza kuti yothinayo, ngati ndikuifunabe, malo ake ndi kutsogolo, mafuta atadutsa kale m'fyuluta zinazo. Pampu yamagetsi anaichotsa n'kundipatsa m'kajumbo, nati pampu yotere imafuna fyuzi ndi relay yake, kaswichi kamagetsi koyaka ndi kiyi, komanso ikakhala mafuta asanafike pa kambale imatakasa madzi ndi dizilo mpaka osalekanikanso. Anandilipiritsa ntchito ya tsikulo, nawonjezerapo ya waya wa nyali yemwe ndinamusenda.

Amalume amakwerabe galimoto yanga ndikapita ku Dedza kapena akafuna kupita kumaliro. Amakhala kutsogolo, amamanga lamba, ndipo ngakhale dzuwa lili paliwombo amayang'ana dashibodi n'kufunsa kuti, "Akamwini, nyali mwayatsa?"