Kupempha mankhwala a khansa omwe akadali pa kafukufuku, kuyambira kuno ku Mangochi

Mankhwala afika, amalume, omwe akudwala khansa ya chikhodzodzo, alandira dripi yoyamba, ndiye ndilembe njirayi ndisanaiwale.

Abale sapempha okha ku kampani yopanga mankhwalawo, musataye nthawi ndi maimelo. Amapempha ndi dokotala wa khansa amene akumuona wodwalayo, ndipo amatero pokhapokha kemo (mankhwala opha maselo a khansa) ndi njira zina zovomerezeka zitakanika, komanso ngati palibe kafukufuku yemwe wodwalayo angalowemo. Kampani ikhoza kukana. Lamulo la ku America la Right to Try la 2018, lolola odwala matenda oika moyo pachiswe kupempha mankhwala omwe akadali pa kafukufuku, lomwe achibale akunja amakonda kutumiza pa WhatsApp, silikakamiza kampani kupereka mankhwala, ndipo kuno siligwira ntchito. Dokotala woteroyo mumamupeza ku Queens ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndiye kalata yotumizira ikhale m'manja musanakwere minibasi.

Pepala lalikulu ndi zotsatira za kanyama kamene anadula pachotupa. Mawu akuti "khansa ya chikhodzodzo" paokha sakwanira, akufuna mtundu wake weniweni. Kuno kunyanja izi n'zofunika kwambiri: khansa ya chikhodzodzo yobwera ndi likodzo nthawi zambiri imakhala ya squamous, pomwe mankhwala atsopano ambiri amayesedwa pa ya urothelial. Funsani mtunduwo msanga musanagulitse mbuzi. Pepalalo lifotokopeni, lijambuleni pafoni, lenilenilo musasiyire munthu aliyense.

Tsopano chomwe chinandiwawa. Kampani imafuna zotsatira za magazi, impso ndi chiwindi zatsopano, za masabata ochepa apitawa. Ife tinayezetsa koyambirira, tili ndi changu. Kenako kalata ya dokotala inakagona pa ofesi ina kudikira chidindo chokha. Wosunga chidindo ali ku msonkhano, kiyi wa diloo wapita naye, womutsatira akuti alibe mphamvu. "Mubwere mawa." Mawa lake munthu wachokera ku Mangochi, wadutsa Liwonde ndi Zomba ndi wodwala amene sangathe kukhala pampando nthawi yaitali! Pomwe chidindo chimamenyedwa, zotsatira zija zinali zitatha ntchito, tinayambiranso, thiransipoti ya anthu awiri kulipiranso. Ndipo nthawi imeneyi si yongotaya ndalama. Wodwala akafooka mpaka kumagona pabedi kuposa theka la tsiku, makampani ambiri samulandiranso. Choncho magazi muyezetse kumapeto, makalata onse atasainidwa. Tengani nambala ya foni ya ofesiyo, imbani kaye, ndipo kukatenga kalata apite wathanzi yekha.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono: kampani ikavomera, mankhwala osalembetsedwa m'dziko muno salowa popanda chilolezo cha PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala lomwe lili ku Lilongwe. Pempho limeneli amayendetsa ndi dokotala ndi a famase ya chipatala. Phukusi lisanyamuke kunjako chilolezo chisanatuluke, apo ayi likaima pa kasitomu. Ambiri mwa mankhwala a dripi amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, akatentha atayika. Adilesi ikhale ya famase, osati ya kunyumba, ndipo pemphani kuti lisafike Lachisanu. Funsaninso poyera kuti kampani ikupereka chiyani. Nthawi zambiri mankhwalawo ndi aulere, koma sikani, kuyeza magazi ndi maulendo zimatsalira inu.

Fomu yovomera musaisaine mothamanga. Wodwala aimve m'Chichewa kapena m'Chiyao, adziwe kuti mankhwalawa sanatsimikizike, mwina sangathandize, mwina angamudwalitse kwambiri, ndipo akhoza kusiya tsiku lililonse osataya chithandizo china. Wokugulitsani "mankhwala a kafukufuku" pa Facebook popanda dokotala ndi fomu imeneyi ndi wakuba basi.

Mofini ndi chisamaliro chochepetsa ululu musasiye chifukwa choti mwapeza chatsopano, ziwirizi zimayendera limodzi. Dzina la mankhwala, mlingo ndi nambala ya dokotala zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala. Thupi likatentha kufika madigiri 38, pitani kuchipatala chapafupi usiku womwewo, ayeze malungo komanso awerenge magazi, ndipo muwaonetse tsambalo kuti amuimbire dokotala wa khansayo. Fotokope ya pepala la kanyama lija ikhale m'kabuku momwemo.