Tsiku limene ndinathetsa boma m'nyumba mwanga

Zonsezi zinayamba ndi bandulo ya usiku. Tulo titandithawa, ndinagwera pa nkhani ya Pierre-Joseph Proudhon wa ku France, amene mu 1840 analengeza poyera kuti iye safuna boma, ganizo lotchedwa anarchy. Mawu akuti anarchy ndinkawamva anthu akamawotcha matayala mumsewu, ndiye ndinkayesa kuti ndi chipwirikiti basi. Kani ndi mawu ochokera ku Chigiriki, otanthauza "popanda wolamulira". Eni ake amati anthu angathe kuyendetsa zinthu zawo mogwirizana popanda mfumu, bwana kapena wapolisi. Peter Kropotkin wa ku Russia mpaka anatulutsa buku mu 1902 losonyeza kuti ngakhale nyerere ndi njuchi zimapulumuka chifukwa chothandizana.

Pa zonsezo ine ndinatolapo chimodzi: sipadzakhalanso wondifunsa kuti ndachedwa kuti.

M'mawa ndinasonkhanitsa banja lonse pakhonde. "Kuyambira lero, m'nyumba muno mulibe wolamula mnzake."

Mayi akunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwatsimikiza, bambo?"

"Ndatsimikiza."

Anamwetulira. Munthu wanzeru akanabweza mawu pomwepo.

Tsiku limenelo ndinachoka ku bawo cha m'ma 9 koloko usiku, ndikuyenda ngati tambala. Zoonadi, palibe anandifunsa kanthu. Koma pa mpando wanga wa ndalema panali mwana wathu wotsiriza, miyendo m'mwamba, rimoti ili m'manja. Ndinameza malovu. Kukhitchini kunkanunkhira nkhuku, mtima unakhalako pansi. Kuvundukula mbale yanga: khosi ndi chipalapasiro chimodzi.

"Nanga nthutumba?"

"Tinakambirana tonse," anatero mayi. "Nthutumba izizungulira. Yanu ndi ya nkhuku yachisanu ndi chimodzi."

Ife nkhuku timapha pa Khrisimasi ndi pakabwera apongozi. Werengani nokha.

Apa m'pamene zinandilowa m'mutu kuti boma limene ndathetsa lija ndi ine ndemwe.

Kutacha ndinaona mlamu wanga akutulutsa njinga yanga. "Alamu, si inu munatiuza dzulo kuti Proudhon anati chuma cha munthu mmodzi n'kuba?" Ndinayesa kufotokoza kuti mkuluyo ankanena eni minda ndi eni nyumba odyera thukuta la anzawo, osati kanjinga kamene munthu amakwera yekha. Pamene ndinkamaliza, mlamu anali atakhota kale pa chigayo.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'choti chipwirikiti sichinabwere. Ndinkachidikira kuti adzandipemphe ndibwerere pa mpando. Ayi ndithu. Ana anamata pepala la ntchito pakhoma, madzi akutungidwa pa nthawi yake, palibe wolira. Ku Barcelona, mzinda wa ku Spain, mu 1936 antchito analanda mathiramu, masitima amagetsi oyenda m'misewu ya mumzinda, n'kumawayendetsa okha popanda mabwana, ndipo anayendadi. Kwathu zinali chimodzimodzi, kungoti bwana wochotsedwayo ankagona momwemo, dzina lake lili pa Lachitatu: miphika.

Lachitatulo ndinaganiza zolanda boma. Ndinamenya tebulo. "Mutu wa banja lino ndine!"

Mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 sanadzutse n'komwe mutu. "Adadi, muzikweza kaye dzanja. Panopa akulankhula ndi amama."

Ndinakweza dzanja. Mpaka msonkhano kutha palibe anandiloza.

Aneba atasuzumira pampanda anandipeza kuseri, ndakwinya malaya, ndikupala mphika wa nsima ndi supuni.

"Achimwene, mwalakwanji?"

"Ndale," ndinatero. "Muli ndi sitiliwulu?"