Mmene khoti linagamulira chithandizo changa banja litatha

Tsiku loyamba kukumana ndi loya ndinapita ndi zonse zimene zinali kumtima kwanga, mausiku amene bambo a ana sanagone pakhomo, mawu amene anandinenera ana akumva. Loya anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa kuti, "Mayi, pamwezi mumagwiritsa ntchito ndalama zingati?" Ndinangoti kukamwa yasa. Zaka 13 m'banja, koma yankho ndinalibe.

Anandimasulira zinthu zitatu zimene ambirife timazisokoneza: chithandizo cha ana, kugawana katundu, ndi chithandizo cha mkazi kapena mwamuna amene banja lake latha. Cha ana ndi cha anawo, kaya makolo akuyankhulana kaya ayi. Chachitatuchi sichibwera chokha. Uyenera kuonetsa kuti ukuvutikadi, komanso kuti mnzakoyo angakwanitse kupereka. Mwamunanso akhoza kupempha ngati mkazi ndiye amapeza zambiri, zimene ine ndinkayesa nthabwala.

Apa inayamba ntchito ya mapepala. Masitetimenti a kubanki, malisiti a lendi, a magetsi, a mankhwala. Ndinagula kope n'kumalembamo chilichonse chimene ndagula kwa miyezi itatu. Mbali zonse ziwiri zimayenera kuulula zimene zimapeza pamodzi ndi ngongole zake. Bambo a ana sanatchule bizinesi yawo yapambali, koma sitetimenti inawaulula yokha. Poti mlandu umachedwa pomwe lendi sadikira, loya anapemphanso chithandizo chongoyembekezera, ndipo chinandisunga mpaka tsiku la chigamulo.

Tinayamba tapita kwa mkhalapakati. Pa kuchuluka kwa ndalama tinatsala pang'ono kugwirizana, koma pa kutalika kwa nthawi tinalephera, ndiye nkhani inapita kwa woweruza.

Ndinasiya uphunzitsi mwana wachiwiri atabadwa, n'kukhala pakhomo zaka 9. Ndinkaganiza kuti zaka zimenezo khoti silingaziwerenge, popeza palibe amene ankandilipira. Ndinalakwitsa. Woweruza anafunsa za nthawi imene takhala m'banja, msinkhu wanga, thanzi langa, moyo umene tinkakhala, komanso ngati ndingapezenso ntchito mosavuta. Anaona kuti pamene bambowo ankachita maphunziro amadzulo n'kumakwezedwa pantchito, wina anali kunyumba akusambitsa ana ndi kuwathamangitsira kuchipatala usiku, ndipo winayo ndinali ine. Anzanga amene tinayamba nawo ntchito anali atapita kutali, ine ndikayambirenso pansi. Nkhani ya chibwenzi, imene kwa ine inali mutu wa zonse, inangotenga mphindi zochepa. Malamulo a mayiko ena amaiwerengera, ena ayi. Zinandiwawa, sindinama.

Chigamulo chinali choti andipatse ndalama mwezi ndi mwezi kwa zaka 4, kuti ndiwonjezere maphunziro n'kubwerera pantchito. Ine ndinkafuna za moyo wonse, koma zotero kawirikawiri amapatsa amene akhala m'banja nthawi yaitali kwambiri, okalamba kapena odwala. Analembamonso kuti ndikakwatiwanso chithandizocho chatha, ndipo zinthu zikasintha kwambiri aliyense wa ife akhoza kubwerera kukhoti.

Chaka chachiwiri ntchito ya bambo a ana inatha. Anandiimbira foni kuti tingogwirizana pakamwa achepetse ndalamazo. Ndinawayankha mwaulemu kuti kuchepetsa sindikukana, koma zikalembedwe kumene zinalembedwa poyamba. Tinakumananso kukhoti, ine kope langa lija lili m'manja.