Lachitatu la chiperoni: madzi a pa mjigo andilonda mpaka ku labu

Ndinadzuka 5 koloko chiperoni chitakuta Ndirande yense, phiri osaoneka n'komwe. Mpopi wathu ndi wouma kuyambira Lolemba, ndiye madzi osamba anali omwe mlongo wanga anatunga pa mjigo dzulo. Makala atsala ochepa, choncho ndinangowafunditsa. Ndinapaka sopo pa chinkhupule, kufikisa, kufikisanso, thovu osabwera. M'malo mwake pamwamba pa madzi panayandama tizinthu totuwa ngati mafuta a msuzi wogona, tina n'kumamatira m'mbali mwa beseni.

Amayi amati madzi a pa mjigo amadya sopo, a mvula ayi. Sanaphunzire chemistry koma sanama. Sopo amapangidwa pophika mafuta ndi caustic soda, ndipo kachidutswa kake kalikonse kali ndi mbali ziwiri: ina imagwira mafuta ndi litsiro la pakhungu, ina imagwira madzi, n'chifukwa chake ukadzithira madzi litsiro limapita nawo. Tsono madzi a pansi adutsa m'miyala, atenga michere ya calcium ndi magnesium. Awiriwa amathamangira kugwira sopo asanayambe n'komwe ntchito yake, n'kupanga zotuwa zija, zomwe sizisungunuka. Thovu limayamba pokhapokha iwo atakhuta. Madzi a mvula sanakumane ndi mwala, n'chifukwa chake kasopo kochepa kamakwana.

Ndinatuluka m'bafa miyendo ili mbuu. Khungu la munthu limakhala ndi kaasidi pang'ono, pH yake (muyeso wa asidi, nambala ikatsika asidi ndiye wachuluka) cha m'ma 5, pomwe sopo wamtanda ali cha pa 9 kapena 10, mbali yomweyo ya chidulo chophikira therere. Amachotsa ndi mafuta achibadwa omwe. Ndinadzola Vaseline n'kuthamangira minibasi.

Ku labu ya ku chipatala ntchito yanga yoyamba ndi kuyatsa water bath. Kwa amene simunaionepo, ndi kabokosi kachitsulo ngati sinki yaing'ono, kokhala ndi chivundikiro, pansi pake pali element ngati ya mu ketulo. Timaitchera pa madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu, chifukwa magazi ukafuna kuona kuti akutenga nthawi yaitali bwanji kuti aundane, uyenera kuwanamiza kuti akadali m'thupi. Kukazizira pang'ono amachedwa kuundana, ndipo dokotala angaganize kuti wodwala ali ndi vuto lomwe alibe.

Lero patadutsa ola lathunthu themometa yomwe timaviika m'madzimo inali ikadali pa 35. Akuluakulu athu a mu labu anabwera, anatsegula chivundikiro, n'kukanda element ndi chikhadabo. Panagwa tizibenthu toyera ngati chikamba cha dzira.

"Achimwene, mwakhala mukuthira madzi anji umu?"

Ndinafuna kunamizira ophunzira omwe anabwera mwezi watha, koma mayiwa amakuyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka bodza limabwerera kukhosi. Ndinavomera. Distilled water, madzi otchezedwa opanda michere omwe timayenera kuthiramo, atatha masabata angapo apitawo, ndinkatunga mu thanki ya madzi a borehole kuseri, ndimvekere madzi ndi madzi basi, bola ndi oyera.

"Oyera m'maso mwanu," anatero, n'kundituma viniga.

Chomwe chinachitika n'chosavuta. Madzi ofunda amauluka pang'onopang'ono tsiku lonse, iwe n'kumangowonjezera, koma calcium sauluka nawo. Amatsala, ndipo pa element pomwe patentha kwambiri amauma n'kukhala calcium carbonate, yemweyo wa mu chigoba cha nkhono. Chikamba chimenechi chimaphimba element ngati bulangeti, kutentha kumavutika kudutsa. Ndinazimitsa, kukhuthula madzi, kuthira viniga wosakaniza ndi madzi. Nthawi yomweyo kunayamba kuti siii, tithovu ta carbon dioxide tikukwera ngati Fanta wongotsegula kumene. Ndinaima n'kumaonerera ngati mwana. Mameseji a ku wadi anali akubwera, ofuna zotsatira, ndipo ma sample a m'mawa anayenera kudikira. Chimenecho ndiye chinandiwawa kuposa kukalipiridwa.

Pansi pa water bath ija panalinso kuterera. Madzi a madigiri 37 majeremusi amawakonda monga momwe amakondera thupi lathu, n'chifukwa chake thumba la plasma (gawo lamadzimadzi la magazi) wouma ndi chisanu tikamalisungunula timayamba taliika mu pulasitiki ina, kuti madzi asakhudze pakamwa pake. Ndinatsuka mpaka chitsulo chinawala, kutsukuluza katatu, kuthira distilled water wobwereka ku labu ya pafupi. Cha m'ma 11 koloko themometa inaima pa 37 osasuntha.

Pa nkhomaliro mnzanga anandiseka kuti ndanyozetsa Maria. Azungu njira yotenthetsera zinthu m'madzi ofundayi amaitcha bain-marie, dzina lochokera kwa Maria, mayi wachiyuda yemwe ankasakaniza mankhwala ndi zitsulo ku Alexandria, ku Egypt, ndipo za iye timazidziwa kudzera kwa Zosimos wa ku Panopolis yemwe analemba cha m'chaka cha 300 AD. Nzeru yake ndi yomwe mumaiona pa ukwati, mpunga ndi nkhuku zili m'mbale zachitsulo pamwamba pa madzi otentha. Moto umapsereza malo amodzi, koma madzi amagawa kutentha mofanana, amachedwa kuzizira, ndipo sangapitirire pomwe amawirira. Kuno ku Blantyre, poti tili mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, amawira cha pa madigiri 97, osafika 100 ya m'buku.

Madzulo ndinapeza mpopi ukadali gwa. Ndinagula kajumbo ka makala, n'kuwiritsa madzi a pa mjigo aja mpaka kubwadamuka, kenako kuwasiya kuti adikhe. Pansi pa poto panakhala kaufa koyera. Kuwiritsa kumagwetsa calcium wina, osati yense, koma nditasamba thovu linabwera ndithu, ndipo m'mbali mwa beseni munali zotuwa zochepa. Ndinaitana mlongo wanga kuti adzaone ufawo. Anausuzumira, anayang'ana mbaula yomwe makala anali atasanduka phulusa, n'kufunsa kuti nanga nyemba za mawa tiphikira chiyani.