Hatchi yathu yoyamba ana anaitcha mbuzi

Ntchito yathu ndi yojambula pamakoma a sukulu za mkaka kuno ku Zomba ndi madera ozungulira: zilembo kuyambira A mpaka Z, manambala, zipatso, nyama. Tilipo atatu. Ine ndimagwira burashi, mphwanga amakwera makwerero ndi kupaka penti woyamba, ndipo mayi a kunyumba amasunga kabuku ka ndalama, kamene ine sandilola kukagwira. Pachikwangwani chathu pali kahatchi koseka, ndipo makasitomala ambiri amafunsa kuti bwanji tinasankha nyama imene ngakhale kumudzi kwathu kulibe.

Ndisanayambe za sukulu ndinkalemba zikwangwani za maokala, zigayo ndi malo ometera. Zilembo ndinkazidziwa, zithunzi ayi, kupatula mitu ya anthu ometedwa imene ndinkaonera pa kalendala. Mu 2016 mayi wina amene ankatsegula sukulu ya mkaka kuseri kwa nyumba yake anandiitana kuti ndimupentere khoma lonse, chilembo chilichonse ndi chithunzi chake. Ndinavomera ndisanaganize n'komwe, poti lendi inali itakwana. Apulo ndinajambula, mpira ndinajambula, mphaka ndi galu anatuluka bwinobwino. Pa H m'pamene panavuta. Ndinapempha kuti tiikepo nyumba kapena chipewa, koma madamu anakana. Iwo ankafuna hatchi, ati chifukwa chilembocho chimagwira pa Chingerezi ndi pa Chichewa pomwe, mwana akati "H for horse" kapena H wa hatchi onsewo akhoza.

Hatchi yeniyeni ndinali ndisanaionepo. Ndinkangoidziwira m'mafilimu ndi m'Baibulo, momwe amaitcha kavalo, mawu amene tinabwereka kwa Apwitikizi. Ndiye dzanja langa linajambula chimene linkadziwa. Khosi lalifupi, mimba yotuluka, kamchira koloza kumwamba, ziboda zogawanika pakati. Ndinamaliza Lamlungu madzulo ndili wokhutira.

Lolemba m'mawa ndinapita kukatenga ndalama yotsala. Ana anali atandanda pakhoma paja akuimba zilembo. Atafika pa H, kamtsikana ka zaka zinayi kanaloza ndi chala n'kukuwa kuti, "Madamu, H for mbuzi!" Kalasi yonse inangoti gwa ndi phwete, ena mpaka kumalira mee, mee. Madamu sanaseke. Anangoti, "Achimwene, yotsala ija mudzalandira mbuzi iyi ikasanduka hatchi."

Safunsa anadya phula. Chowawa n'choti mahatchi anali pamwamba pa phiri lomwe ndimaliona tsiku ndi tsiku ndikangotuluka m'nyumba. Nthawi imeneyo pa phiri la Zomba panali khola la mahatchi amene alendo ankalipira kuti akwere poyenda m'nkhalango. Loweruka ndinatenga kope ndi pensulo n'kuuyamba wapansi, kudutsana ndi anthu otsika ndi nkhuni panjinga ndi ana ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu. Bambo amene ankasamala mahatchiwo anandifunsa ngati ndabwera kudzakwera. Nditati ndabwera kudzangoona, anaseka, koma anandilola kukhala pa chitsa tsiku lonse. Anangondichenjeza kuti ndisaime kumbuyo kwa nyamayo.

Choyamba kundidabwitsa chinali kutalika. Msana wake unkandifika m'mapewa. Kenaka bambo aja ananyamula mwendo wakutsogolo wa hatchi imodzi n'kunena kuti, "Taonani apa, abambo." Chiboda chake n'chimodzi, chosagawanika ngati cha mbuzi kapena ng'ombe. Mchira wake ndi ubweya wautali kuyambira kutsinde, pamene wa bulu uli ngati wa ng'ombe, chingwe chokhala ndi ngayaye kumapeto. Makutu ndi aafupi poyerekeza ndi a bulu. Ubweya wapakhosi ndi wautali ndipo umagwera mbali imodzi, pamene wa bulu ndi wa mbidzi umaima njo. Maso ali m'mbali mwa mutu, kumtunda, kutali ndi mphuno. Pa miyendo yakumbuyo pali mfundo yoloza kumbuyo imene ambiri timaiyesa bondo lokhota mobwerera. Si bondo. Ikufanana ndi chidendene chathuchi, kungoti chili m'mwamba chifukwa hatchi imaimira pa nsonga ya chala chimodzi. Bondo lenileni lili kumtunda, pafupi ndi mimba. Nditamvetsa zimenezo miyendo yakumbuyo inasiya kundizunza.

Ndinadzaza masamba ambiri tsiku limenelo, ndipo ambiri anali oipa. Koma pobwerera ndinali ndi njira imene ndimaphunzitsa mpaka lero.

Ndimayamba ndi mazira awiri, lina la chifuwa, lina la matako, ndipo pakati pake ndimasiya kampata. Ndimawalumikiza ndi mzere wa msana wolowa pang'ono pakati ngati mphasa yoyanika pachingwe, ndi wina wa mimba pansi. Kuchokera pa dzira lakutsogolo ndimakweza khosi mopendekeka, lotambalala kumunsi, lochepa kumtunda. Apa m'pamene oyamba kumene amaumira, amapanga khosi lalifupi ndi lopyapyala, n'kutuluka galu. Mutu nawo ndi zozungulira ziwiri, chachikulu cha tsaya, chaching'ono cha kukamwa, zolumikizidwa ngati chikho chachitali. Miyendo imayamba ngati timitengo tinayi tokhala ndi kadontho pa mfundo iliyonse, kenaka n'kuinenepetsa. Zonsezi ndimalemba mopepuka kwambiri, kuti mizere yothandizira ifufutike ndikadutsitsa mzere weniweni. Pakhoma pensulo saoneka, ndiye ndimagwiritsa ntchito choko, ndipo chithunzi cha papepala ndimachikulitsa pogawa pepala ndi khoma m'timabokosi tofanana chiwerengero, n'kumasamutsa bokosi limodzilimodzi.

Ukatuni umabwera pambuyo pake. Pa hatchi yeniyeni, kutalika kwa thupi kumakwana mitu iwiri ndi theka kapena kuyandikira pamenepo. Pa katuni ya ana ndimakulitsa mutu dala, kufupikitsa miyendo, kukuza diso n'kusiya kadontho koyera m'kati mwake kuti liwale, kutukumula mphuno, kuika kamzere komwetulira. Zonsezo mwana amazilandira, ngakhale mutapaka hatchiyo mtundu wa buluu. Koma pali zinthu zimene simungaseweretse: khosi, chiboda, mchira ndi ubweya wapakhosi. Mukatalikitsa makutu pang'ono chabe mwajambula bulu. Mukagawa chiboda mwabwerera ku mbuzi yanga ija. Ena amaganiza kuti katuni ndi pothawira munthu amene satha kujambula. Ine ndimatsutsa. Mizere ikachepa, uliwonse umaonekera poyera, ndipo ana a zaka zinayi sadziwa kunyengerera munthu wamkulu.

Ndinabwerera ku sukulu kuja, n'kupaka penti woyera pa mbuzi ija, n'kuyambiranso. Kamtsikana kaja kanayang'ana nthawi yaitali, kenaka kanafunsa ngati hatchiyo imaluma. Madamu anandilipira, n'kupatsanso nambala yanga anzawo awiri a sukulu za mkaka. Bizinesi inayambira pamenepo.

Pali hatchi ina imene inandivutanso, yothamanga. Mwini sukulu ina ankafuna yotero pa geti. Ndinaijambula miyendo yakutsogolo itatambasukira kutsogolo, yakumbuyo kumbuyo, yonse ili m'malere. Mphwanga ndiye anandionetsa pa foni zithunzi zimene katswiri wina wa kamera, Eadweard Muybridge, anajambula mu 1878 ku Palo Alto, ku California m'dziko la America, atandandalika makamera m'mbali mwa njira yothamangiramo hatchi. Zithunzizo zinaonetsa kuti hatchi imachokadi pansi ndi miyendo yonse inayi, koma nthawi imene miyendoyo yapindikira pansi pa mimba, osati itatambasuka. Akatswiri ojambula a ku Ulaya anakhala akulakwitsa zimenezi kwa zaka zambirimbiri, kotero sindinachite manyazi kwenikweni. Komabe amene akuyamba kumene ndimamuuza kuti hatchi yake iyambe yaima kaye.

Sizinayende mosalala zaka zonsezi. Mu Malichi 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ntchito inangoti zii. Palibe ankafuna khoma lokongola la kalasi yopanda ana. Mayi a kunyumba ndi amene anaganiza zoti ndijambule nyama zija papepala, mizere yokhayokha, tizichita fotokope n'kumagulitsa kwa makolo kuti ana azipaka mitundu kunyumba. Phindu lake linali la mchere ndi sopo, koma linatisunga. Tsamba la hatchi ndi limene linkatha msanga, mwina chifukwa ndi nyama imene ana ambiri kuno sanaionepo. Sukulu zitatsegulidwa, makolo ena anapempha kuti ndiziphunzitsa ana awo, ndipo mpaka pano Loweruka m'mawa pakhonde pathu pamakhala ana ndi mapensulo awo. Phunziro loyamba ndi mazira awiri aja.

Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa penti unakwera moti ntchito imodzi imene tinali titagwirizana kale mtengo tinaimaliza ndi ndalama za m'thumba mwathu. Kuyambira pamenepo sitiyamba ntchito popanda theka la ndalama, kaya pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo tsiku lomwelo timakagula penti. Tinasiyanso kugula chitini cha mtundu uliwonse. Timagula ndowa ya woyera ndi mitundu ingapo yoyambira, ina yonse timasakaniza tokha. Khoma lopakidwa laimu timayamba talipala, chifukwa penti sagwira pa laimu, ndipo mvula yoyamba imakusiyirani hatchi yopanda mutu.

Chaka chatha madamu aja anandiimbira foni kuti khoma loyamba lija lasuwa, tikalipentenso. Pamene mphwanga ankapala penti wakale pa chilembo cha H, anandiitana akuseka. Pansi pa mwendo wakutsogolo wa hatchi panali patatulukira chiboda chogawanika cha mbuzi ija, chili bwinobwino ngati ndachijambula dzulo. Madamu anaitanitsa kamtsikana kaja, kamene tsopano ndi namwali wa Sitandade 8 ndipo amakhala nyumba yachitatu kuchokera pa sukulupo. Anabwera, anagwada kupereka moni, anayang'ana chibodacho, n'kunena kuti sakukumbukira chilichonse. Madamu anati tisachifute, tingojambula hatchi yatsopano chapamwamba pang'ono. Mphwanga anasuntha makwerero, ine n'kutenga choko.